Telala yemwe anayamba kudula nsalu mokhota: PML, matenda a muubongo omwe poyamba ndinawatcha sitiroko

Bambowa anali ndi zaka 41, telala wosokera pakhonde la sitolo pa kamsika kena ka njira yopita ku Nyanja ya Chilwa. Anafika kuchipatala chathu kuno ku Zomba kumayambiriro kwa Okutobala, akuyenda okha, akazi awo ali pambuyo. Zina zowazindikiritsa ndazisiya dala. Dandaulo linali loti dzanja lamanja lalemera, sizasi ikuwapulumuka, ndipo mawu ena akumawathawa: afuna kunena "ulusi", pakamwa patuluka "ujeni".

Ndinawaona ndine, tsiku Lolemba, mzere utafika panja. BP inali 128/80, shuga ali bwino, thupi losatentha, malungo mulibe. Mutu sunkawapweteka, khosi linali lofewa. Buku lawo la kuchipatala linali latsopano, lopanda cholembedwa. Ndinafunsa kuti, "Bambo, magazi munayezetsapo?" Anati, "Eya, ndinayezetsa." Sindinafunse kuti liti, kapena kuti zotsatira zinati chiyani. Ndinalemba kuti sitiroko yaing'ono, ndinapereka asipirini, ndinawatumiza ku mafizo, n'kuwauza kuti abwerenso pakatha mwezi.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'choti yankho mayiwo anandipatsa tsiku lomwelo. Ananena kuti, "Adokotala, zinayamba pang'onopang'ono nthawi ya mayunifolomu ija. Anayamba kudula nsalu mokhota, makasitomala n'kumabweza zovala." Nthawi ya mayunifolomu ndi Ogasiti kulowa Seputembala, sukulu zikamatsegulira. Ndiye kuti vutoli linali litatha milungu isanu ndi umodzi likukulirakulira. Sitiroko sichita choncho. Imagwa ngati mphezi, mwakuti achibale amakuuza tsiku lake, ena mpaka chomwe wodwala ankachita pa nthawiyo, kenako imaima kapena kuyamba kuchepa. Chiwalo chomwe chikufookerafookera mlungu ndi mlungu, mwa munthu wa zaka 41 wopanda BP ngakhale shuga, chimafuna kuti uganize za chinthu chomwe chikukula muubongo, ndipo kuno kwathu uyeze HIV pomwepo, zilibe kanthu kuti wodwala wayankha chiyani. Ine ndinamva mawu a mayiwo koma sindinawamvetsere.

Mwezi sunakwane. Patatha milungu itatu anabwera atawakweza pa kabaza, mwendo wamanja akuukoka. Mayiwo anati abambowa akumawomba mafelemu a zitseko ndi phewa lamanja, ndipo pakudya amamaliza nsima ya mbali imodzi ya mbale n'kusamba m'manja, ina ikadali pomwepo. Achibale ena anali atayamba kale kunena zowatengera ku Zomba Mental Hospital, ena ankati ndi zolodzedwa chifukwa cha nsanje ya pamsika, ndipo kwa sing'anga anali atapitako kamodzi. Nditawayeza ndi zala, zomwe sizitenga ngakhale mphindi imodzi, ndinapeza kuti maso onse awiri sakuona chilichonse cha kumanja. Dzanja, mwendo, mawu ndi maso zonse zinkaloza mbali ya kumanzere ya ubongo.

Chinsinsi anachiulula ndi namwino wathu, osati ine. Anawatengera mayiwo pambali, ndipo mayiwo anamasula mpango n'kutulutsa buku lakale. Abambowa anayamba ma ARV zaka 9 zapitazo, pa mtundu wa mapiritsi wotchedwa 5A. Atapita ku Joni anamwa omwe ananyamula mpaka atatha, ndipo atabwerako patatha zaka zitatu anaopa kukakalipiridwa ku kiliniki, n'kugula buku lina. Mayiwo nawo anali pa mankhwala, koma iwo sanasiyepo ngakhale mwezi umodzi.

Tinawagoneka. CD4, yomwe imaonetsa kuchuluka kwa asilikali a m'thupi, inatuluka 38, yotsika kwambiri. CrAg ya m'magazi (yofufuza kafangasi koyambitsa matenda oumitsa khosi), LAM ya mumkodzo (yofufuza TB) ndi chindoko zonse sizinaonetse kanthu, X-ray ya chifuwa inali yoyera, impso zikugwira bwino. Panatsala kuchotsa madzi a pamsana. Apa tinaima masiku awiri, chifukwa mayiwo anati, "Ine ndine mkazi chabe, eni ake munthuyu ndi amalume awo." Anzanga ena amakwiya ndi zotere. Ine ndinaphunzira kuti ukamukakamiza mayi kusayina yekha, wodwala akamwalira mlandu wonse umagwera iyeyo kumudzi. Tinaimba foni, amalumewo anabwera, tinawaonetsa singano ndi kabotolo kuti aone kuchepa kwa madzi omwe timatenga, ndipo analola. Popeza panali zizindikiro za mbali imodzi ndipo sikani inali isanachitike, tinayamba taona kuseri kwa maso kuti kulibe kutupa, komanso wodwala anali wotsitsimuka bwinobwino. Madzi anatuluka oyera ngati a pampopi, osathamanga, maselo oyera osafika asanu, puloteni wokwera pang'ono, shuga ali bwino. CrAg ndi GeneXpert, yofufuza TB, sizinapeze kanthu.

Pa malipoti a m'mawa tinakangana. Mnzanga wina ankafuna tiyambe mankhwala a TB pomwepo, poganizira chotupa cha TB muubongo, ndipo maganizo akewo sanali opusa, chifukwa kuno TB ndiye woyamba kumukayikira. Tinagwirizana zodikira sikani, popeza thupi silinatenthepo, wodwala sankatsokomola, ndipo rifampicin, mmodzi wa mankhwala a TB, ikanatikakamiza kuwonjezera piritsi lachiwiri la dolutegravir, mmodzi wa ma ARV, madzulo kwa munthu yemwe kale anathawa mapiritsi. Tinayamba bakitirimu wa mlingo waukulu, kuti ngati ndi toxoplasmosis, matenda a tizirombo tina togwira ubongo chitetezo chikatsika, tione kusintha mkati mwa milungu iwiri. Ma ARV tinayambiranso tsiku lachinayi, pa mtundu wa 13A, womwe uli ndi dolutegravir. Kuchedwetsa ma ARV kuli ndi malo ake, pa cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi omwe CrAg imafufuza, timadikira milungu 4 mpaka 6, ndipo pa TB ya muubongo timadikiranso, koma madzi aja anali atatimasula ku ziwirizi.

Sikani ya CT inachitikira ku Blantyre patatha masiku 9. Inaonetsa malo akuda mu mbali yoyera ya ubongo, chakumbuyo kumanzere, ndi kamalo kena kakang'ono kutsogolo. Malowo sankatsata dera la mtsempha uliwonse wa magazi monga imachitira sitiroko, sankakankha ubongo woyandikana nawo, sanawale atabayidwa mankhwala owalitsa, ndipo khungwa lotuwa la pamwamba linali losakhudzidwa. Toxoplasmosis, chotupa cha TB ndi khansa ya lymphoma kawirikawiri zimawala ngati mphete ndipo zimatupitsa pozungulira. Milungu iwiri ya bakitirimu itatha osasintha kanthu, tinamubweza pa mlingo wa tsiku ndi tsiku woteteza, n'kulemba kuti progressive multifocal leukoencephalopathy, PML, matenda omwe amawononga pang'onopang'ono mbali yoyera ya ubongo. Umboni wotsimikizira ndi kuyeza kwa PCR kofufuza kachirombo ka JC, komwe kamayambitsa matendawa, m'madzi a pamsana kapena kudula kanyama ka ubongo, ndipo ziwirizi tinalibe nazo njira. Dzinali tinalipereka potengera kayendedwe ka matenda, CD4, madzi oyera aja ndi chithunzi.

Nditawafotokozera kuti ndi kachirombo kena, osati HIV, komwe kakudya ubongo, mayiwo anafunsa funso lomwe linandichititsa kubwerera ku mabuku usiku umenewo. "Ndiye kameneka anakatenga ku Joni? Nanga ine ndi ana, titengera?"

Sanakatenge ku Joni. Mwachidziwikire anali nako kuyambira ali mwana kapena mnyamata. JC ndi kamodzi ka tizirombo ta mtundu wa polyomavirus. Anakapeza mu 1971 ku University of Wisconsin, Billie Padgett ndi anzake, muubongo wa wodwala khansa ya Hodgkin yemwe zilembo zoyamba za dzina lake zinali J.C. Chaka chomwecho ku London, Sylvia Gardner anapeza mbale wake, BK, mumkodzo wa munthu wa ku Sudan yemwe anali ataikidwa impso ya munthu wina. Matenda a PML enieniwo anali atafotokozedwa kale mu 1958, HIV isanadziwike. Kafukufuku wina wa mu 2009 pa anthu 400 opereka magazi ku Switzerland, anthu athanzi, anapeza kuti 58 mwa 100 alionse anali ndi chizindikiro choti anakumanapo ndi JC, 82 mwa 100 ndi BK, ndipo 19 mwa 100 ankatulutsa JC mumkodzo osadziwa. Kachiromboka kamapezeka m'timinofu ta kukhosi komanso m'zonyansa za m'masuweji, n'chifukwa chake akatswiri amaganiza kuti kamalowera pakamwa. Polowa sikadwalitsa. Kamakakhazikika mu impso, ndipo kamapezekanso m'mafuta a m'mafupa ndi m'maselo ena oyera a magazi.

Kakulidwe kake n'kosavuta kukamvetsa ukaganiza za telala wopanda makina. Kachiromboka n'kakang'ono kwambiri, kotalika pafupifupi ma nanometre 45 (nanometre ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), kopanda chikuto cha mafuta, ndipo DNA yake ndi kamkombero ka zilembo zongopitirira 5,000. M'kamkombero kameneka mulibe malangizo opangira makina okopera DNA, choncho kamadalira a selo lomwe kalowamo. Vuto lake n'loti maselo a impso ndi a ubongo sagawikana kawirikawiri, makina awo amakhala otsekeredwa. Ndiye choyamba chomwe kamapanga kakafika m'phata la selo, momwe mumakhala DNA ya selolo, ndi puloteni yotchedwa large T antigen. Puloteni imeneyi imagwira alonda awiri a selo, pRb ndi p53, omwe ntchito yawo ndi kuletsa selo kugawikana mwachisawawa, ndipo selo limatsegula makina ake ngati kuti likukonzekera kugawikana. Large T yomweyo imakhala pa malo oyambira a DNA ya kachirombo n'kumaimasula kuti makina a selo aikope. Kukopa kukayamba, kamasintha n'kuyamba kupanga zovala zake, mapuloteni a VP1, VP2 ndi VP3. VP1 imalumikizana isanuisanu, timagulu 72 n'kupanga chigoba chimodzi. Tizirombo tatsopano timadzadza m'phata la selo mpaka selo kufa.

Ngati kamapha maselo chonchi, nanga kamakhala bwanji zaka 30 mu impso za munthu osamupweteka? Apa m'pomwe pali nkhani ya wodwala wathu. Pakati pa mbali ziwiri za DNA ija, yopanga large T ndi yopanga zovala, pali kachigawo kosapanga puloteni, komwe kamalamula kuti kukopa kuchitike mwachangu kapena mwaulesi. Mtundu wopezeka mumkodzo wa anthu athanzi uli ndi kachigawo kameneka m'kaonekedwe kake koyambirira, ndipo umaswana mwaulesi. Kachiromboka kamapanganso kauthenga kakang'ono kotchedwa microRNA komwe kamachepetsa large T yake yomwe, kuti asilikali a m'thupi asakaone msanga. Maselo ochepa omwe kawonekeramo amaphedwa ndi asilikali a CD8, omwe amadalira thandizo la CD4. Ndi mgwirizano wa anthu osakondana okhala mpanda umodzi: kachirombo sikathetsedwa, koma sikapatsidwanso mpata. CD4 ikagwa, kuswana kumachuluka, ndipo m'kuswana kochulukako kachigawo kolamula kaja kamaduka pena n'kubwerezedwa pena. Mtundu wosinthikawu ndi womwe umapezeka muubongo wa odwala PML, ndipo umakula bwino m'maselo otchedwa oligodendrocyte, omwe amakuta mitsempha ya ubongo ndi myelin monga pulasitiki amakutira waya wa magetsi. Maselowa akafa, mtsempha umatsala pamtunda ndipo uthenga suyenda. Popeza thupi lilibe asilikali omenya nkhondo pamalopo, palibe kutupa, palibe kutentha thupi, mutu suwawa, madzi a pamsana amakhala oyera. Zonse zomwe zinandipusitsa tsiku Lolemba lija ndi zomwe zikanayenera kundichenjeza.

Kwa mayiwo sindinanene zonsezi. Ndinawauza za kaufiti, kuti njere zake zimakhala m'nthaka zaka zambiri, n'kudzaphuka munda ukaguga. Ndinazindikira mochedwa kuti kwa banja lomwe likuganiza kale za ufiti ndasankha chomera cholakwika, ndipo namwino uja anandiseka mlungu wonse. Fanizolo limaperewanso pena, chifukwa njere ya kaufiti imagona tulo pomwe JC sagona, amangoswana pang'onopang'ono moyang'aniridwa. Komabe mfundo anaimva: kuti iwo eni mwina ali nako, ine mwina ndili nako, ndipo chomwe chikusiyanitsa iwo ndi amuna awo ndi mapiritsi omwe iwo sanasiye. Panalibe chifukwa chopatula mbale, kapu kapena mphasa.

Mankhwala opha JC kulibe. Cytarabine, cidofovir ngakhale mefloquine wa malungo uja zinayesedwa ndipo sizinathandize. Mirtazapine, mankhwala a matenda okhumudwa, ena amapereka chifukwa kachiromboka kamalowera m'selo mothandizidwa ndi khomo la serotonin lotchedwa 5-HT2A, lomwe mankhwalawa amatseka, koma umboni wake ndi wa wodwala mmodzimmodzi, ndipo ife tinalibe. Chothandiza ndi kubweza chitetezo cha m'thupi. Ma ARV asanabwere, odwala PML ambiri ankamwalira mkati mwa miyezi yochepa. Ndi ma ARV, pafupifupi theka kapena kuposerapo amapyola chaka. Tinawatulutsa patatha milungu itatu, dzanja lisakugwira konse, koma akudya okha ndi lamanzere.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri kunali apa. Ndinawauza kuti amwe mankhwala mosadumphitsa, koma sindinawauze kuti zinthu zitha kuyamba zaipa zisanakhale bwino.

Mlungu wachisanu chiyambireni ma ARV anabwera usiku. Anali atagwa khunyu kawiri, mutu ukuwawa koyamba chiyambire matendawa, akungogona, mawu atatheratu. Mlongo wawo anali atalanda botolo la ma ARV masiku awiri m'mbuyomo, akuti mankhwalawo ndi omwe akumupha mchimwene wake. Kunena chilungamo, mlongoyo anaona zoona: munthu anaipiradi atayamba mankhwala. Chomwe sanadziwe ndi chifukwa chake. Asilikali akabwerera amapeza ubongo wodzadza ndi kachirombo, ndipo nkhondo yomwe inalibepo ija imayambika pamalo pomwepo, ndi kutupa kwake. Imeneyi ndi IRIS, ndipo pa PML imatha kupha.

Sitinathamangire dzinali, chifukwa munthu wa CD4 38 akhoza kudwala china chatsopano. Tinachotsanso madzi a pamsana, ulendo uno amalume analola pafoni. Maselo oyera anali atakwera pang'ono, CrAg ndi GeneXpert zili chimodzimodzi, malungo mulibe, shuga ndi mchere wa m'magazi zili bwino. Kubwerera ku Blantyre ndi munthu wogwa khunyu sitinakuone kwanzeru. Tinapanga zinthu zitatu. Ma ARV tinapitiriza usiku womwewo, chifukwa kuwasiya ndi kubwezera mpata kwa JC. Tinayamba prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, 1 mg pa kilogalamu iliyonse, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa milungu isanu ndi umodzi. Izi zinandivuta mumtima, kupereka mankhwala ofooketsa chitetezo kwa munthu yemwe matenda ake abwera chifukwa chosowa chitetezo, ndipo pa PML yopanda kutupa sindikanapereka. Koma apa chomwe chikanamupha mlungu umenewo chinali kutupa. Chachitatu chinali cha khunyu. Mu wodi munali phenobarbitone ndi carbamazepine, ndipo dzanja limathamangira zomwezo mwachizolowezi. Awiriwa, pamodzi ndi phenytoin, amatsitsa dolutegravir m'magazi. Tinafufuza mpaka tinapeza sodium valproate.

Tsiku lachinayi anatsegula maso n'kuitana akazi awo ndi dzina la mwana wawo woyamba, monga ankachitira kunyumba. Ndinakhala pansi ndi mlongo uja kwa nthawi yaitali. Ndinayamba ndi kuvomera kuti zomwe anaona zinali zoona ndipo wolakwa ndi ine posawachenjeza. Anati, "Mukananena, adokotala, sindikanabisa botololo." Kuchokera pamenepo ndi iyeyo ankawakumbutsa nthawi ya mapiritsi mayiwo akapita kumunda.

Ndimabwerera kawirikawiri ku milungu itatu ya asipirini ija. Myelin yomwe yawonongeka ndi PML sibwerera kwenikweni, ndipo ma ARV amangoimitsa moto pomwe wafika. Tsiku loyamba bambowa ankayenda okha ndipo mbale ya nsima ankaiona yonse. Mwendo ndi maso zinapita mkati mwa milungu imeneyo ndi yotsatira. Mwina zikanapitabe, chifukwa chitetezo sichibwerera tsiku limodzi, koma mpata umenewo ndinawamana ndine. Masiku ano wina akabwera ndi chiwalo chofooka ndimafunsa kuti "zinayamba tsiku liti?", ndipo akalephera kutchula tsiku, mawu oti sitiroko sindilemba. Buku latsopano m'manja mwa munthu wamkulu ndimalitenga ngati funso. HIV ndimayeza pomwepo, ndipo ikapezeka, CD4 ndi CrAg tsiku lomwelo. Kwa aliyense wa CD4 yotsika yemwe ndikumuyambitsa ma ARV, ndimaitana wachibale yemwe mawu ake amamveka pabanja, osati wodikirira yekha, n'kumuuza kuti wodwala akaipira mwezi woyamba kapena wachiwiri abwere naye msanga ndi botolo lomwe, asalibise. Ndimawauzanso anzanga a ku kiliniki ya ma ARV kuti bambowa anakhala nthawi yaitali atabwerako ku Joni akudutsa pa geti ya chipatala osalowa, chifukwa choopa mawu athu.

Pa miyezi isanu ndi umodzi HIV inali yosaoneka m'magazi. Pa chaka CD4 inafika 164. Khunyu silinabwerenso, ngakhale valproate tinapitiriza. Mawu anabwerera okwanira kucheza ndi kutsutsana za mitengo, koma akatopa "ujeni" amachuluka. Amayenda ndi ndodo. Dzanja lamanja linapinda ndipo siligwira sizasi, maso sanayambenso kuona cha kumanja, koma anaphunzira kutembenuza mutu, ndipo mayiwo amatembenuza mbale pakati pa chakudya. Makina osokera akugwiritsa ntchito mphwawo, pakhonde lomwe lija, iwo atakhala kumanja kwake kuti azimuona ndi mbali yomwe ikuona, n'kumamudzudzula akakhotetsa msoko. Ulendo womaliza womwe ndinawaona, mayiwo anatulutsa mabuku onse awiri, lakale ndi latsopano, atawasokerera pamodzi ndi ulusi wakuda.